Filita ya eyakoni m'galimoto: tiipope, tiichape, tiichotse kapena tigule ina?

Galimoto zambiri zomwe zili m'misewu yathu zinachokera ku Japan zitayendapo kale, n'kulowera pa doko la Dar es Salaam kapena Durban, ndipo zambiri mwa izo zili ndi kachipangizo kamene eni ake sanakaonepo chigulireni. Ndi filita yosefa mpweya wolowa m'kati momwe timakhala anthufe. Musaisokoneze ndi ya injini ija ya mu boneti, imene makaniko amaitulutsa pa sevisi iliyonse n'kuimenyamenya pa tayala. Iyi imabisala kuseri kwa kabokosi ka pa dashibodi komwe mumaikamo blue book ndi mapepala a inshuwalansi. M'magalaja ambiri sevisi ndi oilo, filita ya oilo, mwina ndi mapulagi, basi galimoto yatuluka. Ya eyakoni imakhala momwemo zaka ndi zaka, ina ikadali ndi fumbi la ku Nagoya.

Nthawi yomwe imakumbukiridwa ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mwaika fani pa 4, ikukuwa ndithu, koma kamphepo kotuluka pa venti n'kosakwana ngakhale kuumitsa thukuta. Ambiri apa amathamangira kukathira gasi. Musanatulutse ndalamazo, yambani mwaika dzanja pa venti. Mphepo ikamatuluka yamphamvu koma yofunda, vuto lili ku gasi kapena ku kompuresa ya eyakoni. Ikamatuluka yozizira koma yofooka, fani n'kumangosokosera, ndiye kuti pali chomwe chatseka njira, ndipo kawirikawiri ndi filita. Ngakhale muthire gasi kangati, njira yotsekeka ndi fumbi singatseguke.

Kuiona sikufuna sipanala. Pa Toyota zambiri, monga Vitz, Corolla Axio, Fielder, Ractis ndi Sienta, komanso pa Honda Fit, mumatsegula kabokosi kaja, n'kukolowola kamkono kakang'ono komwe kamakagwira chammbali, n'kufinya mbali zonse ziwiri kuti kagwere pansi. Kuseri kwake kuli kachitseko kakatali kopyapyala, ndipo mukakatsegula filita imatuluka mongoikoka. Nissan zina, monga X-Trail, anaibisa pansi chakumapazi, moti pamafunika kugwada ndi tochi m'manja. Pa Mazda zina imakhala zidutswa ziwiri, ndipo pa galimoto zina zakale za ku Germany ili mu boneti, m'munsi mwa mawaipa.

Ikokeni pang'onopang'ono osaipendeketsa, chifukwa pamwamba pake pamakhala katundu: fumbi lofiira lodzaza m'makwinya, timasamba ta keshya, maluwa ouma a jakaranda, phulusa lakuda la lupsa, mapiko a ngumbi za mvula yatha. Zikakutukira pansi zigwera mu fani, ndipo tsamba limodzi lokha likalowa mmenemo limalira "tetetete" ulendo wonse mpaka mutu kuwawa.

Mukaigwira m'manja chomwecho, malangizo amabwera mbali zonse. Wa matayala ati, "Bwana, bweretsani tingoipopa." Mnyamata wa pa kawoshi ati aichapa ndi sopo waufa ikhala ngati yatsopano. Makaniko wina ati, "Ingoichotsani, zimenezi n'za kwa azungu, galimoto imayenda popanda." Wa masipeya naye ali nayo kale pa kauntala. Onse anayi akunena chinthu chomwe chimachitika ndithu, koma sizofanana phindu lake, ndipo kuti musankhe bwino muyenera kudziwa komwe fumbilo limakhala.

Fumbi lili pamwamba ndi fumbi lili m'kati

Mpweya wakunja umalowera pa timabowo tomwe tili m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pomwe pamagona mawaipa. Ukatero umadutsa mu filita, kenako mu fani, kenako mu evaporator, chitsulo cha timapepala ta aluminiyamu tothithikana chomwe chimazizira kwambiri eyakoni ikamagwira ntchito. Chitsulo chimenechi chimakhala chonyowa, chifukwa chinyezi cha mumpweya chimasanduka madzi chikachikhudza. Madzi aja mumawaona akudontha pansi pa galimoto mukaima ndi omwewo. Choncho filita ili ndi ntchito ziwiri. Imateteza mapapo anu, komanso imateteza chitsulo chonyowachi kuti fumbi lisachimate.

Anthu ambiri amaiganizira ngati sefa ya ufa, yomwe ukaigogoda kangapo madeya agwa, sefa yayera. Filitayi sili choncho. Ndi nsalu ya tiulusi topyapyala tambirimbiri tolukanalukana mosanjikizana. Zinyalala zikuluzikulu ndi mchenga zimatsalira pamwamba, koma fumbi losalala limalowa m'kati mwa nsalu n'kukakamira pa tiulusito. Mafilita ambiri amawaikiratu mphamvu ya magetsi ku fakitale kuti tiulusito tizikoka tinthu ting'onoting'ono tomwe tikanadutsa m'mipata. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 70 (micron ndi muyeso wa tinthu tosaoneka ndi maso). Tinthu ta mu utsi tomwe timatchedwa PM2.5 sitiposa ma micron 2.5, ndipo n'timeneti timafika pakatikati pa mapapo. Zomwe maso anu akuona pa filita ndi zazikulu zokhazokha. Zomwe zimavuta kwenikweni sizioneka, ndipo sizichoka ndi kugogoda.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kuyeretsa kumatha kubweza mphamvu ya mphepo. Sikubweza mphamvu ya kusefa.

Kugogoda ndi kupopa mpweya

Pali anthu ena, makamaka ogulitsa, amene amanena kuti filita ya eyakoni siiyenera kuyeretsedwa ngakhale pang'ono. Akukokomeza. Mabuku ena a Toyota, aja amakhala m'kabokosi momwemo koma sitiwawerenga poti ambiri ndi a Chijapani, amaloleza kupopa filita wamba, ndipo amafotokoza kapopedwe kake: mpweya uzichokera kumunsi kwa filita, kampopi kakhale patali masentimita 5, mphamvu ikhale 500 kPa, kwa mphindi pafupifupi 2. Buku lomwelo limachenjeza kuti musaitsuke ndi madzi.

Tsono yerekezani ndi momwe zimachitikira pa malo okonzera matayala. Kompuresa ya pamenepo nthawi zambiri imakhala pa 8 bar kapena kuposa, kutanthauza 800 kPa, ndipo mnyamata amagunditsa kampopi pa nsalu penipeni kuti muone kuti akugwira ntchito. Fumbi limabuka lambiri, nonse n'kukhutira. Koma mphamvu imeneyo imang'amba tiulusi ndi kutsegula timabowo tosaoneka ndi maso. Choipitsitsa n'chakuti ena amapopera mbali yakuda, ija yoyang'ana kumwamba, n'kukankhira fumbi m'kati mwenimweni mwa nsalu. Filita ikabwerera mu galimoto mphepo imatuluka yamphamvu, inde, koma mbali ina ya mphamvuyo ndi chifukwa chakuti tsopano yabooka.

Ngati mwasankha njira iyi, chitani mofatsa. Itembenuzeni mbali yakuda iyang'ane pansi, igogodeni ndi chikhatho zinyalala zigwe. Ngati pa kawoshi pali vakyumu, ikokeni mbali yakudayo motsatira makwinya, ndipo kunena zoona vakyumu ndimaikonda kuposa kompuresa chifukwa siing'amba. Mukapopa, poperani kuchokera mbali yoyera, kampopi kali patali, inu mutaima kumene kukuchokera mphepo. Mukamaliza ikwezeni kudzuwa. Kuwala kukamaoneka pang'ono mofanana ponseponse, ikhoza kubwerera. Mukaona timadontho towala kwambiri, yabooka. Ikakhala bii osaonetsa kuwala kulikonse, yatha ntchito, ndipo kuipopanso n'kutaya nthawi.

Njira iyi ndi yabwino pa filita youma, yosang'ambika, yosanunkha, yomwe sinathe chaka. Kwa ife okhala m'dziko la fumbi ndi yofunika ndithu, chifukwa filita ikhoza kutsekeka pamwamba m'miyezi iwiri yokha ya chilimwe m'kati mwake mukadali moyo. Kuitaya pamenepo n'kuwononga. Koma ine sindingaipope kopitirira kawiri. Ulendo uliwonse imabwerera yofookerapo, ndipo imatsekekanso msanga kuposa poyamba.

Kuchapa ndi madzi

Iyi ndi njira yomwe imaoneka yaukhondo kuposa zonse, pomwe ndi yomwe imapha filita msanga. Ya pepala ikanyowa imafufuma, makwinya n'kugwa, ndipo ikauma imakhala yopindika moti m'mbali mumatsala mipata. Ya ulusi wa pulasitiki siiwonongeka maonekedwe, n'chifukwa chake anthu amapusitsika nayo, koma sopo amachotsa mphamvu ya magetsi ija yokoka fumbi losalala. Fumbi lomwe linali m'kati limasanduka matope n'kuuma pakati pa tiulusi. Ndiye pali nkhani ya kuumitsa. Mnyamata wa pa kawoshi aiyanika pa boneti mphindi makumi awiri, kunja yauma, m'makwinya muli chinyezi, n'kuibwezera m'malo amdima opanda dzuwa. Pakatha sabata galimoto yayamba kununkha chuku.

Pali mitundu iwiri yokha yomwe madzi saiwononga. Woyamba ndi kaneti ka pulasitiki komwe kamapezeka m'malole ena ndi m'galimoto zina zing'onozing'ono za katundu. Mukakakweza mumaona kuseri bwinobwino, ndipo ntchito yake ndi kutchinga masamba ndi tizilombo basi. Kameneko katsukeni, kaume, kabwezereni. Wachiwiri ndi filita yopangidwira kuchapa, monga ya kampani ya K&N, yomwe imagulitsidwa ndi mankhwala ake otsukira ndi ena opopera ikauma. Mtengo wake ndi wa mafilita wamba angapo, nthawi zambiri pamafunika kuitanitsa kunja, ndipo mankhwalawo akatha muyenera kuitanitsanso. Kwa munthu amene asunge galimoto imodzi zaka zambiri, wokhala ndi m'bale ku Johannesburg womutumizira katundu, ikhoza kubweza ndalama zake. Kwa amene amagulitsa galimoto pakatha zaka ziwiri, akugulira mnzake.

Kuichotseratu

Njira iyi ndi yofala kwambiri, ndipo nthawi zina imachitika mwini galimoto osadziwa. Mwadandaula kuti mphepo ndi yochepa, makaniko walowa, watuluka, mphepo yabwerera yamphamvu, inu mwalipira mokondwa. Filita ili m'bini. Palinso galimoto zina zomwe zinachoka ku fakitale malo a filita alipo koma opanda kanthu, makamaka zotsika mtengo, choncho mukapeza mulibe musafulumire kuloza munthu chala.

Koma walira mvula walira matope. Fumbi lonse lomwe likanatsalira pa filita tsopano likukamatirira pa evaporator yonyowa ija. Limasanduka matope pakati pa timapepala ta aluminiyamu, nkhungu n'kumera, kapaipi kotulutsira madzi n'kutsekeka, madzi n'kuyamba kudonthera pa kapeti kumapazi a wokhala kutsogolo. Mphepo imafookanso ngati kale, koma ulendo uno chotsekeka sichoti mungachikoke ndi zala ziwiri. Pa galimoto zambiri, kuti evaporator ituluke pamafunika kutulutsa gasi yense, kumasula dashibodi yonse pamodzi ndi mawaya ake, n'kudzathiranso gasi pomaliza. Ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo si kawirikawiri dashibodi yomasulidwa kubwerera osayamba kulira penapake. Mabuku a Toyota aja amachenjezanso kuti kugwiritsa ntchito eyakoni popanda filita kukhoza kuiwononga.

Kusiya filita yotsekeka momwemo nakonso kuli ndi mtengo wake. Pa galimoto zomwe fani yake mumaisintha ndi kakonokono ka 1 mpaka 4, pali resistor (kachipangizo kochepetsa liwiro la fani) yomwe imaziziritsidwa ndi mphepo yomweyo. Mphepo ikachepa imatentha n'kupsa, ndipo chizindikiro chake n'chakuti fani imangogwira pa 4 pokha. Mphepo yochepa imachititsanso kuti madzi a pa evaporator aundane pa ulendo wautali, mpaka mphepo kusiyiratu, n'kudzabwerera mukaima kanthawi. Ndipo nthawi ya mvula, galasi likachita nthunzi m'kati, ndi mphepo yomweyi imene imaliyeretsa. Usiku pa M1, mvula ikukhuthuka, lole ikubwera kutsogolo ndi magetsi onse, simufuna kukhala mukupukuta galasi ndi dzanja.

Ngati filita yatsekekeratu muli kutali ndi masitolo, kuyenda masiku angapo popanda filita si tchimo. Dinani batani lozungulitsa mpweya wa m'kati, ndipo mukafika m'tauni gulani ina.

Kugula ina, koma iti?

Opanga mafilita amapereka malire osasiyana kwambiri. A ku Ulaya monga Bosch ndi Mann amati makilomita 15,000 kapena chaka chimodzi. Denso, yomwe imapangira zipangizo galimoto zambiri za ku Japan, imati chaka chimodzi kapena makilomita 10,000. Malire amenewa anawayika poganizira misewu ya tala ya kwawoko, ndipo mabuku a galimoto amanena okha kuti kumalo a fumbi muzisintha msanga. Makilomita nawo amathamanga. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300, ndiye munthu wopita n'kubwerera sabata iliyonse amakwanitsa 15,000 miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Chomwe chimabweza anthu m'mbuyo ndi mtengo. Masipeya onse amachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha pa galimoto chinalumpha. N'zomveka kuti munthu amayamba waganiza za mafuta, matayala ndi mabuleki. Komabe pa zinthu zonse zosintha pa galimoto, filita wamba ya eyakoni ili m'gulu la zotsika mtengo, ndipo siifuna kulipira woika.

Filita wamba ndi yoyera, yopepuka, ndipo imagwira fumbi, mungu wa maluwa ndi mwaye. Kwa munthu woyenda kwambiri m'misewu ya dothi, wogwira ntchito za kumudzi, wogula mbewu m'misika ya kutali, woyendetsa Sienta ya matola, iyi ndiye yoyenera. Mdani wake ndi fumbi lochuluka, ndipo fumbi limatseka filita yodula pa liwiro lomwelo lomwe limatsekera yotchipa. Kuli bwino kugula ziwiri wamba pa chaka kusiyana ndi kugula imodzi yapamwamba n'kumaiumirira zaka ziwiri poti inadula.

Ya makala ndi yotuwa kapena yamawangamawanga akuda, ndipo mukainyamula imalemererapo. Pakati pake pali makala opangidwa mwapadera, kawirikawiri kuchokera ku zigoba za kokonati, okhala ndi timabowo tosawerengeka tomwe timayamwa fungo ndi mbali ina ya mipweya ya mu utsi wa galimoto. Phindu lake limaoneka m'tauni, pa mzere wa m'mawa pa Masauko Chipembere Highway kapena polowa mu Old Town ku Lilongwe, mphuno ya galimoto yanu ili pa ekizozi ya minibasi yofuka. Utsi umenewo si wongonyansa chabe. Mu 2012 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ngati mumanyamula mwana wa mphumu tsiku ndi tsiku popita ku sukulu, ndalama yowonjezerayo ili ndi chifukwa.

Koma zinthu ziwiri zidziwike. Choyamba, makala akadzaza adzaza. Kupopa kapena kuyanika padzuwa sikuwatsitsimutsa, choncho filita ya makala mukaipopa mwatsala ndi filita wamba yokalamba. Chachiwiri, siigwira carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo uja. Ngati ekizozi yanu yabooka ndipo utsi ukulowa m'galimoto, palibe filita yomwe ingakupulumutseni. Kawotcheretseni ekizozi.

Za mafilita a HEPA, aja a nsalu yothina kwambiri yogwira ngakhale tinthu ting'onoting'ono, zomwe mumaziona pa intaneti, ndingozidutsa mwachidule. Kampani ya Tesla, yopanga galimoto zamagetsi, inaika filita yaikulu yotere mu Model X mu 2015, koma galimotoyo anaipanga ndi malo ake a filita yaikulu chotero. Nsalu yothina kwambiri m'kamalo kakang'ono ka Vitz imatsekeka msanga ndi fumbi lathu, fani n'kumavutika.

Chofunika kuposa mtundu ndi saizi. Mpweya umatsata posavuta, ndiye filita ikasiya mpata wa chala chimodzi m'mbali, mpweya wambiri udutsira pamenepo osasefedwa. Popita kukagula, kaya ku Biwi, ku Malangalanga, ku Limbe kapena ku Mzuzu, tengani yakaleyo m'jumbo muziyerekeze pa kauntala: mulitali, mulifupi ndi kuchindikala. Tengani ndi nambala ya chasisi, chifukwa dzina lokha la galimoto silikwanira. Corolla ya chaka china ndi ya chaka china nthawi zina sizigwiritsa filita imodzi. Nambala za mafilita a eyakoni a Toyota zimayamba ndi 87139, za Nissan zambiri ndi 27277, ndipo ubwino wa Toyota ndi woti saizi imodzi imalowa m'mitundu ingapo ya galimoto zawo, choncho siivuta kupeza.

Feki nazo zadzaza, ndipo bokosi lokongola silitsimikizira kanthu. Itulutseni muione. Yabwino imakhala ndi makwinya ambiri, othithikana mofanana, omatidwa bwino m'mbali, ndipo mukaipinda pang'ono imabwerera. Yachabechabe imakhala ndi makwinya ochepa otalikirana, nsalu yake yoonekera kuseri, guluu wake akumatuka musanaiike n'komwe. Ziliponso zongopakidwa mtundu wotuwa kuti zioneke ngati za makala, koma kupepuka kwake kumaziulula. Sikuti mpaka mugule ya m'bokosi la kampani yopanga galimotoyo. Ya kampani yodziwika yopanga mafilita, yokwana bwino, imagwira ntchito yomweyo.

Nanga saizi yanu ikasowa? Ena amadula siponji ya matiresi kapena kupinda neti ya udzudzu. Siponji imanyenyeka ndi kutentha, tizidutswa n'kulowa mu fani, ndipo neti imangogwira masamba. Bola kugula filita yeniyeni yokulirapo ya galimoto ina, kuidula ndi sizasi motsatira makwinya, n'kumata mbali yodulayo ndi tepi yolimba. Si zokongola, koma zimasefa.

Pomwe palibe zokambirana

Filita ikanyowapo, kaya ndi mvula yolowera pa timabowo totsekeka ndi masamba kapena ndi paipi ya pa kawoshi, itayeni. Ikakhala ndi mawanga a nkhungu, itayeni. Ndipo ikakhala kuti makoswe afikapo, musayerekeze n'komwe kuipopa. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena m'galaja momwe muli matumba a chimanga imakopa makoswe, ndipo pamwamba pa filita ndi pamalo pofunda, pouma, pobisika. Mupezapo njere za chimanga zodyedwa theka, tizidutswa ta nsalu, zitosi, pena bowo lalikulu pakati. Mkodzo ndi zitosi za makoswe zimafalitsa matenda, choncho kuzipopa ndi kompuresa n'kudzipumitsa nokha zimenezo. Valani magolovesi, ikani filitayo m'jumbo mumange, pukutani malowo ndi kansalu konyowetsa ndi madzi a Jik, ndipo pisani dzanja mu fani muchotse zomwe zagweramo injini ili yozima.

Fungo likapitirira mutaika filita yatsopano, ndiye kuti lili pa evaporator. Yang'anani ngati madzi akudontha pansi pa galimoto eyakoni ikamagwira ntchito. Akapanda kudontha tsiku lachinyezi, kapaipi kaja katsekeka. Pali thovu lotsukira evaporator lomwe amalipopera pa malo a filita kapena pa kapaipi komweko, ndipo limathandiza ngati matope sanachuluke. Pafyumu wopachika pa galasi amangosakaniza fungo la chuku ndi la sitiroberi. Chizolowezi chothandiza ndi kuzimitsa batani la A/C patatsala mphindi zingapo kuti mufike, fani n'kuisiya ikuzungulira, kuti chitsulocho chiume musanaimike galimoto.

Kalendala yathu ndi yosiyana ndi ya m'buku

Ine sindiwerengera makilomita okha, ndimayang'ana nyengo. Fumbi limayamba mvula ikangosiya, cha mu Meyi, n'kumakula mpaka Seputembala ndi Okutobala, pomwe limaphatikizana ndi utsi wa tchire lotenthedwa ndi akamvuluvulu. Mango amachita maluwa nthawi yomweyo, jakaranda n'kuyoyola ake pa galimoto zoimikidwa pamthunzi. Kenako mvula imabwera ndi chinyezi. Filita yodzaza fumbi ndi zinyalala za zomera ikakumana ndi chinyezi chimenecho ndi pomwe nkhungu imamera. Choncho nthawi yabwino yoika yatsopano ndi Novembala, mvula yoyamba ikagwa fumbi n'kugona. Imeneyo idutsa dzinja lonse ili yoyera, nthawi yomwe mukufuna mphepo yamphamvu pa galasi. Cha mu Ogasiti muitulutse, muigogode kapena muikoke ndi vakyumu, ipirire mpaka Novembala. Kwa woyenda m'tauni pa tala, zimenezi zimakwana. Woyenda m'fumbi tsiku ndi tsiku, mu Ogasitimo asagogode, aike ina.

Batani lozungulitsa mpweya wa m'kati limatalikitsa moyo wa filita kuposa kupopa kulikonse. Mukaona lole ikubwera ndi mtambo wa fumbi pa msewu wa dothi, kapena mwatsekeredwa kumbuyo kwa minibasi yofuka, lidineni fumbilo lisanafike. Mukadutsa pamalopo litsegulaninso, chifukwa galimoto yodzaza anthu ikazungulitsa mpweya womwewo nthawi yaitali, magalasi amachita nthunzi ndipo dalaivala amayamba kusinza. Masamba a pa timabowo ta m'munsi mwa mawaipa muzichotsa ndi dzanja musanatsuke galimoto, asanawole n'kulowa m'kati.

Poika yatsopano samalani muvi wolembedwa m'mbali, chifukwa mivi yake ndi iwiri yosiyana. Pa filita ya Toyota pamalembedwa UP, ndipo muviwo uyenera kuloza kumwamba. Pa mafilita a makampani ena pamalembedwa AIR FLOW, kusonyeza komwe mpweya ukulowera, ndipo pa galimoto zomwe fani ili pansi pa filita, monga Toyota zambiri, muvi umenewo uloze pansi. Ngati mukukayikira, yang'anani yakale ija: mbali yomwe ili ndi zinyalala ndi yomwe mpweya umafikira. Musanatseke kachitseko, lembani deti ndi makilomita m'mbali mwa filita ndi cholembera, ndipo ngati wakusinthirani ndi makaniko, muuzeni akupatseni yakaleyo muione.